Chilembo Chimodzi cha a Mbewe

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni a Mbewe, telala wa pa khonde lathu ku Area 1, ndipo ine mtima wakana kukhala pansi. Ndikakhala pampando ndikufuna kuimirira, ndikaimirira ndikusowa kolowera. Nkhaniyi ndaiyamba kanayi pa kompyuta, kanayi konse ndafufuta. Eni ake akanakhalapo akanandiseka mpaka kutsokomola, chifukwa ankati kulemba ndi mankhwala a anthu a mitu yodontha. Chabwino, wanga ndi wodontha. Koma muli chinthu chimodzi chimene chakana kudontha, ndiye ndingolemba basi.

Ine ndine Esinati, ngakhale iwo ankanditchula kuti a Nabanda. Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kutayipa makalata, kachipinda koti ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri. A Mbewe ndinawapeza ali kale pakhondepo, nkhope italoza njira yotsikira ku msika wa Tsoka. Tinakhala moyandikana zaka khumi ndi ziwiri. Za ine zathera pomwepa.

Pa maliro awo ku Mitundu, mkulu wa mpingo amene ankawerenga mbiri anati malemuwa sanapite kusukulu, koma anali munthu wanzeru. "Koma" ameneyo anandibaya ngati ndaponda singano. Koma chani? Ndinafuna kuimirira pakati pa azimayi pomwepo n'kufunsa kuti pagulu lonseli ndani angaone munthu akutsika minibasi n'kudziwiratu kuti m'chiuno ndi sate-foro ndipo phewa lakumanja n'lotsika. Ndinadziletsa poti pamaliro sayambitsa mlandu. Komanso ndinalibe nkhope yoimirira nayo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Felesiya, pamaliropo panalibe, ndipo pa anthu onse amene anakhala pansi pa mitengo ija, ndine ndekha ndinkadziwa kuti pa kusowa kwakeko pali dzanja langa.

Ndifika kumeneko. Ndiyambe kaye ndakuonetsani munthuyo.

Anali wamtali, wowonda, wa imvi zoyera mbee. Jekete sankavula ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ati telala wausiwa palibe angamukhulupirire. Ankafika seveni isanakwane pa njinga yawo yakuda kuchokera ku Mchesi, n'kutulutsa mashini mu shopu mwanga momwe ankagona, kuwathira mafuta, kuwapukuta, kenaka kupemphera mwachidule chipewa chili m'manja. Akangoti ameni, phazi lili kale pa chopalasira.

Ntchito yawo yambiri inali yochepetsa ndi kukuza zovala za kaunjika. Munthu akasankha ku Tsoka thalauza la mzungu wamimba, ankakwera nalo mtunda kubwera pakhonde pathu. A Mbewe ankangomuyang'ana kamodzi, kuchokera kumapazi kufika kumutu, n'kumuuza kuti abwere thu koloko. Tepi inalipo m'khosi, inde, koma ankaikulunga pamunthu pongofuna kumukhazika mtima pansi, kuti asaone ngati akumuchita zamatsenga.

Sukulu anapitako masiku atatu. Tsiku lachinayi ng'ombe za amalume awo zinasowa m'busa, sukulu n'kuthera pomwepo. Sankabisa, ndipo sankadzimvera chisoni. Ankati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo yawo inali mashiniwo. Manambala anawaphunzira pa tepi. Pa zilembo zonse ankadziwapo chimodzi chokha, M wa dzina lawo, amene anawaphunzitsa telala wachikulire yemwe anawaphunzitsanso kusoka, kuti azisaina m'malo modinda chala. Iwo ankati M ndi kolala ya shati ukaiyang'ana chakutsogolo: mapewa awiri, pakati polowa khosi. Chovala chilichonse chatsopano chotuluka m'manja mwawo chinkakhala ndi M wa ulusi wofiira mkati mwake.

Tinkakangana, ndipo tinkakangana zenizeni. Buku la makasitomala analibe. Ankadula kachidutswa ka nsalu ya munthu aliyense n'kukamangirira pa chingwe, motsatana monga mmene anthuwo anabwerera. Ine ndi sukulu yanga zinkandinyansa. Ndinawauza kuti ndiwaikira zonse mu kompyuta, mayina, manambala a foni, masayizi, mwaulere. Anakana kwamtuwagalu. Ndinawatchula kuti okanika, iwo anati zikomo. Patangopita mwezi kompyuta yanga inagwidwa ndi vayirasi, ntchito za anthu zonse zinapita, mpaka zolemba za mayeso za mphunzitsi wina amene anandilalatira pakhomo anthu akuonerera. Sabata yonseyo a Mbewe akafika m'mawa ankasuzumira mu shopu, chipewa m'manja, n'kufunsa mwaulemu wonse ngati ophunzira aja adzuka bwanji. Ankanena kompyutayo. Ndinakhala masiku awiri osawayankhula.

Koma musaganize kuti ankaopa foni. Yawo inali ya mabatani, yomanga ndi labala, koma za anthu ena ankazigwira tsiku ndi tsiku, poti atsikana a masiku ano sitayelo amabwera nayo pa foni. Anaphunzira okha kukuza chithunzi ndi zala ziwiri. Tsiku lina kunabwera mtsikana wa digiri yake, wogwira ntchito ku City Centre, ndi chithunzi cha diresi ya chinkhoswe. A Mbewe anakuza, anachepetsa, anatembenuza foni, kenaka anaibweza n'kunena kuti diresi imeneyo sinasokedwepo ndi munthu padziko lapansi. Msoko wa mkono, ati, ukuthera m'malere, ndipo maluwa a nsaluyo akudutsa pa zipi osaduka. Mtsikanayo anakwiya koopsa, anati madala angovomera kuti zawakulira. Ine ndinakhala mbali yake, ndisaname. Atapita ndinakafufuza chithunzicho, ndipo ndinapeza kuti n'chopangidwa ndi kompyuta, mkazi wovalayo kulibe, diresiyo kulibe. Awiri tonse, wa digiri ndi wa fotokope, tinaona diresi. Wosawerenga ndiye anaona bodza. Nditawauza anangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, phazi osachoka pa chopalasira.

Chinanso chimene muyenera kudziwa ndi ichi: a Mbewe sankatchula munthu aliyense kuti "iwe". Kaya ndi bwana wa galimoto, kaya wogulitsa nthochi, kaya kamwana ka zaka zitatu kogwira siketi ya amayi ake, onse anali "inu". Ankati "iwe" ndi woitanira nkhuku. Ngakhale pokalipa ankakalipa mu "inu", ndipo kukalipiridwa mwaulemu kumawawa kuposa kutukwanidwa, ndafunsa ena amene zinawaonekerapo. Felesiya anakulira m'mawu amenewo. Amayi ake, a Naphiri, anamwalira iye ali ndi zaka khumi, ndiye anamulera okha bambo akewo. Iwo ankamutchula kuti "amayi", iye ankati "ababa".

Felesiya anafika fomu folo, anakhoza bwino ndithu, koma ntchito kunalibe. Anagulitsako zovala ku Tsoka, anagwirako mu saluni, zonse za lero ndi mawa. Kenaka kunabwera nkhani ya ejenti wina wa mu Old Town momwemu amene ankatumiza atsikana kunja, ku maiko otentha aja, kukagwira ntchito za m'nyumba. A Mbewe sanafune. Anakangana mwezi wathunthu, bambo ndi mwana, mu "inu" mwawomo. Anagonja ndi bambo. Anamusokera madiresi atatu aatali, n'kumuperekeza mpaka ku bwalo la ndege.

Popeza foni yawo sinkalandira za Watsapu, tinagwirizana kuti Felesiya azitumiza mauthenga pa yanga Lamulungu lililonse, ine ndiziwawerengera Lolemba m'mawa. Miyezi inayi yoyamba zinayenda. Nthawi zina ankatumiza voisi, monong'ona, ati madamu a m'nyumbamo safuna phokoso. Nthawi zambiri ankalemba, ndipo ankayamba chimodzimodzi: "Muli bwanji ababa?" Ndikamaliza kuwerenga, a Mbewe ankapukuta manja pa thalauza, n'kulandira foniyo ndi manja awiri, kuyang'ana zilembozo nthawi yaitali monga ankayang'anira nsalu asanaidule. Ndinkawaseka kuti kodi akuonamo chani. Ankati akuona kuti mwana wawo wadutsapo.

Kenaka mavoisi anasiya. Unabwera uthenga wonena kuti foni yawonongeka polankhulira. Ndipo uthenga umenewo unayamba motere: "Uli bwanji bambo."

Ndinapsa mtima, ndikuuzeni. Ndinati taonani mwanayu, wangokwera ndege kamodzi basi wayamba mwano! Ine ndimaona mmene achinyamata amalembera pa foni, moni palibe, zilembo zodula mitu ndi michira, ndiye ndinangoti naye walowa m'gulu lomwelo. Ndinayang'ana panja, munthu wamkulu ataimitsa mashini, akudikira, maso ali pa ine. Ndiwauze kuti "uli bwanji"? Ine? Pakamwa panga? Ndinatuluka n'kuwerenga mokweza bwinobwino: "Muli bwanji ababa? Ine ndili bwino. Musadandaule za ine." Anamwetulira. Atatambasula manja kuti aone foni ndinati batire latha.

Madzulo ake ndinamulembera Felesiya kumudzudzula kuti azilemba mwaulemu kwa bambo ake. Yankho linali kachithunzi ka chala chachikulu. Ndinati asa, mwano wakula ndithu. Sabata yotsatira unabweranso wa "uli", ndinaukonza. Inayo, ndinaukonzanso. Ndinafika pozolowera, maso akuwerenga china, pakamwa pakutuluka china, osapunthwa ngakhale pang'ono, ndipo mumtima ndinkadziyamikira kuti ndikusunga mtima wa nkhalamba. Foni ndinali ndi zifukwa zosawapatsira: kasitomala akudikira, netiweki, batire. Ndinachita zimenezi Malolemba asanu ndi limodzi.

Lolemba lachisanu ndi chiwiri mashini a fotokope anameza pepala, ana a koleji ali pamzere akundipanikiza kuti achedwa. A Mbewe anasuzumira pakhomo.

"A Nabanda, amayi aja alemba?"

Mutu wanga unali m'mimba mwa mashini. Ndinatsegula uthengawo mosaganiza n'kuwapatsira foni. "Gwirani kaye, ndikubwera."

Nditatuluka, manja ali bii ndi inki, ndinapeza pakhonde pali zii. Anali atavala magalasi, chala chikukankha mauthenga kukwera ndi kutsika.

"A Nabanda, kolala yanga yapita kuti?"

"Kolala iti, a Mbewe?"

"Kale mwanayu akalemba, patsogolo pamayamba chilembo changa. Taonani apa. Apa. Apanso. Koma kuyambira apa pakuyamba kakhosi ka bulauzi aka." Chala chawo chinali pa U. Anawerenga mauthengawo umodziumodzi mpaka asanu ndi awiri. "Inu masabata onsewa mwakhala mukundiwerengera moni yemweyo. Nanga moni yemweyo zilembo n'kusiyana?"

Anandibwezera foniyo.

"Werengani monga mmene zalembedwera," anatero. "Musachepetse, musakuze."

Inu amene munakulira kuno mukudziwa kulemera kwake. Kumuyang'ana munthu wa imvi n'kumuuza "iwe", ngakhale mawuwo ndi a wina, lilime limakana. Ndinayang'ana pansi n'kuwerenga ngati mwana wa sitandade wani: "Uli bwanji bambo. Ine ndili bwino. Usadandaule za ine. Usandiimbire foni chifukwa ndili wotanganidwa."

"Ndani ameneyo akufunsidwa kuti uli bwanji?"

"Inuyo."

"Nanga 'ababa' mumatchula uja ali pati?"

"Ndimaikamo ndine."

Anavula magalasi pang'onopang'ono. "Uyu si mwana wanga."

Ndinayesa kudziteteza, manyazi amalankhulitsa. Ndinati ana a masiku ano pa foni amalemba choncho, si mwano weniweni, ndi changu chabe. Anandidula.

"Felesiya sananenepo 'iwe' ngakhale kwa mbuzi ya agogo ake. Wina wagwira foni ya mwana wanga. Ndipo ameneyo Chichewa sachidziwa, wachita kubwereka."

Mawu akuti kubwereka anandimenya m'mutu. Ndinalowa mu shopu, ndinatsegula pulogalamu yomasulira zilankhulo imene ndimathandizira nayo ana a sukulu, n'kulembamo m'Chingerezi zimene mlendo angalembe pofuna kunamizira mwana wa munthu. Chinatuluka Chichewa chomwecho, chowongoka koma chopanda mchere, cha "iwe" kwa aliyense. Mayo ine! Pulogalamu imeneyo ndinkaigwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse. Ndinali nditaisekapo kambirimbiri kuti imalankhula ngati mlendo wongofika kumene. Koma itabwera pa foni yanga itavala dzina la Felesiya, sindinaizindikire.

A Mbewe sanakhutire ndi za pa kompyuta. Anati tiyese kaye msoko tisanang'ambe chovala. Anandiuza kuti ndilembe mawu awa okha: amayi anu akupereka moni. Atanena anayang'ana kumwamba n'kupempha a Naphiri kuti awakhululukire komwe ali. Ndinatumiza. Tinadikira, iwo ataimirira, ine nditakhala pa sitepe, magalimoto a mu Area 1 akungoliza mahutala ngati palibe chikuchitika. Sipanathe theka la ola. Yankho litabwera ndinaliwerenga monga mmene linalembedwera: "Uza mayi anga kuti ndimamukonda ndipo ndidzamuona posachedwa."

Pa zaka zonse zija, tsiku limenelo ndi lokhalo ndinawaona akuvula jekete masana. Anaipinda, anaiika pa mashini, anakhala pansi. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo ndinkafuna atatero. Anangoti, "A Nabanda, ine ndinabwereka maso anu. Chifundo sindinabwereke."

Amati chifundo chinapha nkhwali. Bola nkhwaliyo inafa yokha.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mawa lake anandiuza kuti ndipulinte mauthenga onse kuyambira loyamba. Anatenga choko chawo chabuluu n'kuzunguliza chilembo choyamba cha uthenga uliwonse, ma M kenaka ma U, mapepalawo n'kuwaika mu jumbo. Anayambira kwa ejenti uja, kachipinda ka pamwamba pa sitolo ina, ine ndikuwatsatira. Ejentiyo anali munthu wa suti yothina ndi mafoni awiri. Anangoyang'ana pepala limodzi n'kuseka.

"Madala, mwana wanu walemba yekha kuti ali bwino. Vuto lanu ndi loti simudziwa kuwerenga."

"Zoona, sindidziwa," anatero a Mbewe. "Kodi inu bambo anu alipo?"

"Alipo."

"Tawaimbireni pompano, tonse tikumva, muwafunse kuti uli bwanji."

M'chipindamo munali atsikana anayi odikira mapepala awo. Onse anatembenukira kwa ejentiyo. Sanaimbe. Awiri mwa atsikanawo anatuluka nafe limodzi, ndipo sabata yotsatira pachitsekopo panali loko.

Kuchokera pamenepo a Mbewe anasanduka munthu wa mumsewu. Mashini ankakhala ovundikira mpaka masana. Anakwera maminibasi a ku City Centre, analowa m'maofesi amene sanalowemo chibadwire, jumbo ili kukhwapa. Kwina ankawauza kuti alembe kalata, kwina kuti atumize imelo, kwina kuti fomu yake ili pa intaneti. Ankabwerera kudzandiuza zonse mwandondomeko, dzina la ofesi, mtundu wa chitseko, mawu a munthu amene wawalandira, osaphonya ngakhale amodzi, ine n'kumatayipa ndi kutumiza. Mayankho ankachedwa. Iwo ankayenda uku ndi uku pakhondepo, tepi akuikulunga pachala n'kuimasula, kuikulunga n'kuimasula, mpaka ine mutu kuzungulira.

Amene anatsegula njira anali kasitomala wawo wakale, mayi ena a ku Area 47, loya. A Mbewe sankadziwa sekita ngakhale nambala ya nyumba. Ankadziwa kuti ukadutsa kamlatho pali mtengo wa mango wopendekera, moyang'anana ndi geti lobiriwira, chifukwa anakaperekako suti zaka zisanu m'mbuyomo. Anapalasa njinga mpaka anafika. Mlonda wa pagetipo anali wa chakwawo komwe, atamva nkhaniyo anawalowetsa. Mayiwo anayala mapepala aja patebulo, anaona mizere ya choko, ndipo anamvetsa asanamalize kufotokozeredwa. Ankadziwa gulu la azimayi a pa Watsapu amene amafufuza atsikana otere kudzera mwa anzawo ogwira ntchito m'nyumba zoyandikana. Chithunzi cha Felesiya chinayenda pa mafoni miyezi iwiri, mpaka mtsikana wina wa ku Dedza wogwira ntchito kunja komweko anati wamuona akutaya zinyalala, akutsimphina. Foni ndi pasipoti zinali zokhomeredwa m'kabati ya madamu.

Nthawi yonseyi a Mbewe sanauze munthu aliyense zimene ndinachita, ngakhale loya uja. Moni wa m'mawa unali womwewo, mashini ankagonabe mu shopu mwanga. Chinasintha n'chimodzi. Uthenga ukabwera ndinkawawerengera, iwo n'kuthokoza, kenaka n'kupempha foniyo mwaulemu, kupita nayo shopu yachitatu kwa mayi ogulitsa mabuku a nyimbo kuti awawerengerenso. Zinkandiwawa mpaka m'mafupa, koma ndikanati chani? Anandipemphanso kuti ndiwaonetse chilembo choyamba cha dzina la Felesiya. Ndinawalembera F wamkulu. Loya uja akatumiza mndandanda wa atsikana amene mapepala awo atheka, iwo ankayendetsa chala okha kufunafuna, ndisanatsegule pakamwa.

Mawu a mwana wawo anawamvanso kamodzi kokha. Mtsikana wa ku Dedza uja anamubwereka foni kuseri kwa mpanda, ndipo inabwera voisi yaifupi, yopumira m'mwamba: "Ababa, muli bwanji? Ndine. Ndili moyo. Musatope." Tsiku limenelo anaimvera mwina ka makumi awiri, foni ataigunditsa kukhutu, mpaka batire linathadi.

Sanatope. Thupi ndi limene linatopa. Mapepala a Felesiya anali atatheka, kunangotsala tsiku la ndege. Lachinayi lina masana ndinamva mashini asiya kulira pakati pa msoko, chinthu chimene sichinkachitika. Ndinawapeza atatsamira chipilala, mkono umodzi uli lende, pakamwa patapotoka. Tinathamangira nawo kuchipatala pa galimoto ya mwini sitolo yoyandikana nafe. Sanalankhulenso. Anamwalira Loweruka m'mawa.

Felesiya anatera pa bwalo la ndege patapita masabata atatu chiikireni maliro. Masabata atatu! Ine ndinadya asanu ndi imodzi. Masamu amenewa safuna pepala. Amene ndinawauzako pang'ono, mlongo wanga ndi abusa athu, amati inali nthawi ya Mulungu, ndisadzizunze. Mwina. Koma Mulungu sanaike "ababa" pamene panalibe, ndinaika ndine.

Anabwera pakhonde patatha mwezi, kudzatenga mashini. Anali atawonda mpaka diresi imene anamusokera bambo ake inkangolendewera, ndipo ankatsimphinabe. Anandigwira manja onse awiri, akupinda maondo.

"Anti, ndamva zonse kwa amayi aloya aja. Akuti munkatayipa makalata osatopa. Mulungu akudalitseni."

Ndinamupatsa mpando, ndinamugulira fanta. Kenaka anayamba kufotokoza yekha, maso ali ku msewu.

"Madamu aja ankalemba ine ndili pomwepo ndikukolopa. Tsiku loyamba anandionetsa dala, kuti ndidziwe kuti kwathu sadzandifunafuna. Nditangowerenga kuti 'uli bwanji bambo', ndinathamangira ku bafa kukaseka. Kuseka ndi misozi, anti! Ndinati basi, adzigwira okha amenewa. Ababa akangomva mawu awa Lolemba, pofika Lachiwiri Lilongwe yense adziwa. Ndiye ndinadikira. Sabata, sabata ina, inanso. Mwendo uwu anandithyola sabata yachisanu." Anatembenuka n'kundiyang'ana, mopanda kukayikira kulikonse. "Kaya zinachedwa pati?"

Bambo ake anapita nacho chinsinsicho kumanda. Ndikanatha kunena kuti maofesi, netiweki, ejenti. Akanandikhulupirira.

"Zinachedwa pakamwa panga," ndinatero.

Ndinamuuza zonse, Lolemba ndi Lolemba. Sanalire, sanandilalatire. Nditamaliza anangoti, "Oo." Fanta anaisiya ya theka pansi pa mpando. Anaitana wa kabaza, anamangirira mutu wa mashini kumbuyo, miyendo yake anati adzatuma munthu. Ponyamuka anati, "Tsalani bwino, anti." Munthuyo anabweradi mawa lake. Felesiya sanapondenso pakhonde pano, ndipo sindikudziwa ngati anandikhululukira. Ndilibe ufulu wokamufunsa.

Pamene panali mashini patsala timaenje tinayi mu simenti, momwe miyendo yachitsulo inadya pang'onopang'ono zaka zonse zija. Pakati pake pali banga lakuda la mafuta limene lakana sopo. Pa chipilala, chapamsinkhu wa phewa la munthu wokhala pansi, penti inachoka n'kusiya malo osalala. Mwini nyumba wabweretsapo anthu awiri ofuna malowo, wina wa zikwama za mafoni, wina wa machaja, onse anayang'ana n'kunena kuti ndi pothina. Ndiye pali pomwepo, mphepo ikumaunjikapo mapepala a maswiti, ine n'kumasesa m'mawa.

Anthu akubwerabe kuchokera ku Tsoka. Amakwera mtunda, thalauza lalikulu lili paphewa, amafika pa sitepe n'kuima, kuyang'ana uku ndi uku. Kenaka amasuzumira mu shopu mwanga kufunsa kuti atelala aja anasamukira kuti. Pali mawu ofewa ambiri amene munthu angayankhe nawo, ndipo onse ndimawadziwa. Ndimawauza kuti anamwalira, ndipo mwana wawo sanawapeze. Munthuyo amaima pang'ono pa timaenje tija, thalauza lili m'manja, kenaka n'kutsika kubwerera kumsika.